Nkhope ya Mwini, Dzina la Wogulitsa

Kale, pamene wojambula zithunzi ankazungulira pa njinga m'Kawale ndi m'Biwi, kamera ili lende m'khosi, nkhani yotcha chithunzi dzina kunalibe. Munthu ankavala malaya ake a pa Sabata, n'kuima pafupi ndi wailesi kapena pa maluwa a pakhomo, ndipo pakapita masiku angapo chithunzi chinkabwera atachitsuka. Ngati panali mawu olemba, mwini nkhope ndiye ankalemba kumbuyo kwake: dzina, tsiku, ndi moni kwa mlongo wake kumudzi kapena kwa mwamuna wake ku migodi ya ku Joni. Aliyense wochilandira ankadziwa kale kuti nkhopeyo ndi ya yani. Mutu wa chithunzi umayamba kufunika pokhapokha chithunzicho chatuluka pakati pa anthu odziwana ndi kukaima pamaso pa alendo.

Lerotu zithunzi zikutuluka ndithu. Ku Area 23, ku Area 25 ndi ku Chinsapo kuli anyamata ndi atsikana amene ali ndi makamera ndi mafoni, ndipo ena mwa iwo ali ndi diso laluso. Amajambula akabaza m'bandakucha, mzere wa ndowa pa mpopi wogulitsa madzi, ana akusewera mpira wachikulunga m'fumbi la mwezi wa October. Zithunzi zokoma amaziika m'mafelemu kuti zikapachikidwe m'mahotela ndi m'masitolo mofika alendo, kapena amazionetsa pa intaneti. Pansi pa chilichonse pamafunika kapepala kakang'ono: mutu wa chithunzi, dzina la wojambula, ndi mtengo wake. Kapepala kameneka kamalembedwa mofulumira, nthawi zambiri m'Chingerezi, usiku woti mawa chionetsero chiyamba. Koma pa mawu awiri kapena atatu amenewo pagona mlandu waukulu.

Tiyeni titenge chithunzi chimodzi. Mayi wakhala pansi ku Mgona, lichero lili m'manja, akupeta mtedza. Dzuwa la m'mawa lawalitsa mankhusu amene akuuluka. Wojambula angathe kulemba pansi pake kuti "Umphawi". Angathenso kulemba kuti "Kumwetulira kwa Afirika". Kapena angolemba kuti "Naphiri akupeta mtedza, Mgona, Lachinayi m'mawa". Chithunzi n'chimodzi, mayi ndi yemweyo, koma wogula apita kwawo ndi anthu atatu osiyana. Woyambayo ndi womvetsa chisoni. Wachiwiri ndi chidole chotonthoza mtima wa mlendo, kuti asavutike poganiza za zimene waona, popeza osaukawo akusekerera. Wachitatu yekha ndiye munthu wa mfunda wake, wa ntchito yake, amene mwina tsiku limenelo adapeza phindu n'kugulira ana nsapato. Ndipo wojambula akudziwa bwino lomwe kuti mitu iwiri yoyambayo ndiyo imayenda malonda.

Ife Achewa sitiyenera kuchita kuphunzitsidwa kuti dzina limalankhula. Mwana akatchedwa Mavuto kapena Masautso, mudzi wonse umamva kuti m'nyumbamo mudapita zowawa. Ngakhale galu amene amatchedwa dzina lophiphiritsira, kuti pomuitana pabwalo mawuwo akagwere m'khutu la mnansi wamiseche. Komatu pa mwambo wathu sikuti aliyense wodutsa m'njira amatcha mwana dzina. Wotcha dzina amachita kupemphedwa ndi eni mwana, amapereka kamphatso, ndipo kuyambira tsiku limenelo pamakhala chibale pakati pa iye ndi mwanayo. Dzina limam'manga wotchayo. Nanga wojambula, amene watcha mayi wa eni dzina loti "Umphawi", adapemphedwa ndi yani? Wamangika ndi chibale chanji? Iye walandira ndalama n'kupita, pamene dzinalo latsala pakhoma la nyumba ina ku Oslo kapena ku Toronto, likunena za munthu amene sadzapatsidwa mpata woyankha. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsogolera. Koma pano mlomo wasiyidwa ndi wina, ndipo ukutsogolera mwini nkhope kumene iye sadzafikako.

Izi si nkhambakamwa. M'mwezi wa March 1936, Dorothea Lange adajambula mayi wina atakhala m'kachisakasa ndi ana ake ku Nipomo, m'dera la California ku America, pa nthawi ya umphawi waukulu. Sadafunse dzina la mayiyo. Mawu amene adatsagana ndi chithunzicho adati awa ndi amphawi othyola nsawawa, ndipo pambuyo pake dziko lonse lidachidziwa ndi mutu woti "Migrant Mother". Kunena chilungamo, chithunzicho chidagwira ntchito yabwino, pakuti boma lidatumiza chakudya kumsasa kumeneko. Koma mpaka 1978 anthu sankadziwa kuti mayiyo ndi Florence Owens Thompson, wa mtundu wa Cherokee, ndiponso kuti banja lake lidaima pamalopo chifukwa galimoto yawo idawonongeka pa ulendo. Mayiyo adadandaula kuti sadapezepo ngakhale kobiri. Adamwalira mu 1983, ndipo mu 1998 kope limodzi la chithunzicho lidagulitsidwa pa mtengo wa madola 244,500 ku New York. Kwa zaka zoposa 40 munthu wamoyo adakhala pansi pa dzina limene sadasankhe.

Chimodzimodzinso chithunzi chimene Kevin Carter adajambula ku Ayod m'dziko la Sudan mu 1993, cha mwana wofooka ndi njala, muimba uli chete kumbuyo kwake. Dziko lonse lidauzidwa kuti ndi kamtsikana, ndipo ambiri adangoti basi kadafa. Mu 2011 atolankhani a nyuzipepala ya El Mundo adapeza bambo wa mwanayo, ndipo zidadziwika kuti adali mnyamata, dzina lake Kong Nyong, amene adapulumuka pa njala imeneyo. Kandimverere adakanena za m'maluwa.

Wina anganene kuti: "Chabwino, tizingolemba dzina lenileni la munthu, mlandu watha." Ayi, sikophweka chotero. Dzina lenileni lingathenso kuvulaza. Mayi amene wajambulidwa pa mzere wolandira mankhwala kuchipatala, bambo amene akuthawa angongole, mwana amene sangathe kuvomera kapena kukana, onsewa kuwalemba dzina ndi malo n'kuwavula pagulu. Alipo anthu amene angalole nkhope koma n'kukana dzina, alipo ena amene angakonde kuti dzina lawo limveke mpaka kutsidya kwa nyanja. Wojambula sangadziwe zimenezi atakhala pa kompyuta yake. Ayenera kubwerera ndi kukafunsa. Enanso amathawira ku mawu oti "Chopanda mutu", poganiza kuti atero asamba m'manja. Pa chithunzi cha mtengo wa mlambe kapena cha mitambo ya mvula, zimenezo zilibe kanthu. Koma nkhope ya munthu wa ku Chinsapo ikapachikidwa popanda mawu pamaso pa mlendo amene adamva kale kuti Malawi ndi dziko losauka, mlendoyo adzalemba yekha mutu mumtima mwake, ndipo tikudziwa mutu umene adzalembe.

Tisam'weruze msanga wojambulayo. Nayenso ndi mwana wa m'makwalala omwewo. Lendi ikumudikira, kutsukitsa chithunzi chachikulu ndi kugula felemu kumadya ndalama, ndipo ogula ndi ochepa. Lamulo la dziko lino la 2016 loteteza ntchito za luso limati chithunzi ndi chuma cha wochijambula, ndipo n'koyenera kuti adye thukuta lake. Komabe lamulo lalikulu la dziko, la 1994, limanenanso kuti ulemu wa munthu suyenera kuphwanyidwa. Kuwala, kaimidwe ka kamera, ndi kudekha kodikira mphindi yabwino, zonsezi n'zake wojambula. Nkhope si yake. Wachita kubwereka, ndipo chobwereka sachilemba chizindikiro chako.

Mzinda wathu womwewu ukutiphunzitsa kanthu pa nkhaniyi. Pamene likulu linkasamuka kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, okonza mapu adagawa malo ndi manambala, ndipo manambalawo satsatana n'komwe monga momwe malo adayalidwira, kotero kuti mlendo amasochera nawo. Nambala ndi yabwino mu ofesi. Koma kumene anthu adasunga dzina, monga Kawale, Biwi ndi Mgona, dzinalo ndilo limamveka pakamwa pa kondakitala wa minibasi. Mutu woti "Umphawi" uli ngati nambala ya pa mapu: umathandiza woyang'ana ali kutali, ndipo ungaikidwe pa anthu zikwizikwi popanda kusintha chilembo. Pajatu m'fanizo lija la munthu wachuma ndi wosauka wa pakhomo pake, mu Uthenga Wabwino wa Luka, amene ali ndi dzina ndi wosaukayo, Lazaro, wachumayo sadatchulidwe. M'zionetsero zathu zambiri zinthu zili chadodolido: dzina la wojambula lilipo, la wogula limalembedwa pa risiti, koma wojambulidwayo ndi "mayi wina".

Sindikunena kuti mutu uliwonse ukhale wouma ngati kalata ya boma. Mutu ungathe kukhala waluso popanda kunama. Samson Kambalu, Mmalawi wodziwika pa zaluso, adatenga chithunzi cha mu 1914 cha John Chilembwe ataima ndi mmishonale John Chorley, Chilembwe atavala chipewa pa nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Kuchokera pa chithunzicho adaumba chifanizo chimene chidaimikidwa pa Trafalgar Square mu London mu September 2022. Akadafuna, akadachitcha "Woukira" kapena "Wofera Dziko", ndipo anthu akadagwedeza mitu n'kudutsa. Iye adachitcha "Antelope", dzina la nyama ya mtundu wa mphalapala, polozera kwa kasiyamaliro wa gule wamkulu. Mzungu wodutsa pamenepo adayenera kuima ndi kufunsa kuti nyamayo ili pati, ndipo yankho lake lidam'tengera kuno kwathu. Mutu wotere sumaliza nkhani m'malo mwa woonayo. Umam'patsa ntchito yofuna kudziwa.

Tsono mnyamata wa ku Area 25 amene wakhala ndi cholembera usiku uno, zithunzi khumi zili ndanda pamphasa, ali ndi njira imodzi yoyesera mitu yake, ndipo siilira ndalama yoposa ya kabaza. Atenge chithunzicho, abwerere ku Mgona, akapeze mayi uja pakati pa anzake opeta mtedza, akapereke moni, kenaka akawerenge mutuwo mokweza m'Chichewa. Ngati lilime likumulemera kunena kuti "Mayi, chithunzi chanuchi ndachitcha Umphawi", adziwe kuti m'Chingerezi mawuwo sadapepuke, angobisala. Mwina mayiyo adzaseka n'kunena kuti, "Mwana wanga, lemba kuti mtedza wa chaka chino wacha bwino." Mwina adzafunsa kuti chithunzicho achigula ndalama zingati, ndipo funso limenelo lidzafunanso yankho.