Kodi Ndarama za Ukalamba Nza Yani?

Makolo akale sanali kudziwa liu lakuti penshoni, koma ukalamba anali kuudziwa bwino lomwe. Munthu akafooka, khasu likayamba kumlemera, anali kudya za m'nkhokwe ya ana ake ndi adzukulu ake, ndipo panalibe womnena kuti ngwopemphapempha, pakuti anali kukolola cimene anabzala pa masiku a mphamvu zake. Ncifukwa cake anati kupatsa nkuika. Mwambi umenewu unali woona pamudzi pamene wopatsa ndi wolandira anali kukalambira pabwalo limodzi. Koma kodi ukali woona kwa munthu wolandira malipiro a pamwezi, amene mbumba yake iri ku Katete, iye mwini ali ku Kitwe, ndipo ana ake ali ku Lusaka kufunafuna nchito?

Funso limeneli silinayambe lero. Pamene migodi ya mkuwa inatseguka ku Luanshya, ku Nkana, ku Mufulira ndi ku Nchanga m'zaka za 1920 ndi 1930, eni ake anali kuyesa wanchito wacikuda mlendo m'tauni, wodzagwira zaka zowerengeka ndi kubwerera kwao. Kunena kwina, mudzi ndiwo unali penshoni yake, ndipo eni migodi sanali kuulipira kanthu mudziwo. Dziko litalandira ufulu, Boma linakhazikitsa Zambia National Provident Fund mu 1966. Wanchito anali kusonkha mwezi ndi mwezi, ndipo popuma nchito anali kulandira zonse nthawi imodzi. Tsono ndarama siziri monga ng'ombe, imene ikhalabe ng'ombe ngakhale papite zaka. Mu 1968, pamene kwacha inayamba, K2 inali kulingana ndi paundi imodzi. Kuciyambi kwa zaka za 1990 mitengo ya zinthu inali kuwirikiza kawiri ndi kupitirira m'caka cimodzi, ndipo mu 2013 anacita kufafaniza maziro atatu, K1,000 nisanduka K1. Ambiri amene anasonkha mokhulupirika analandira ndarama zimene mphamvu yake inali itatha kale. Anthu amenewa sanali opusa kapena omwaza cuma. Nankafumbwe analowa m'nkhokwe iri citsekere.

Mu 2000 kunayamba kugwira nchito bungwe la NAPSA. Wanchito asonkha K5 pa K100 iriyonse ya malipiro ake, ndipo womlemba nchito aonjezapo K5 ina. Amene wasonkha miyezi 180, ndiye kuti zaka 15, akafika msinkhu wopuma alandira ndarama mwezi uliwonse kufikira imfa yake. Koma mu 2023 kunabwera lamulo lakuti munthu amene wasonkha miyezi 60, kapena wakwanitsa zaka 45, akhoza kutapako magawo 20 pa 100 asanapume. Apa ndi pamene funso lija linalowa m'nyumba za anthu ambiri.

Wowerenga aganize za mwamuna uja wa ku Katete. Watapa gawo lake, ndipo mbiri yafika kumudzi msanga kuposa basi. Mlongo wake afuna feteleza, pakuti mvula iri pafupi. Mwana wa mlongo wakeyo wapeza malo ku koleji, koma alibe colipira. Nyumba ya amai ake idontha. Palibe mmodzi wa iwo amene anama, ndipo palibe amene apempha za mowa. Kuonjezera apo, mwamunayo adziwa mumtima mwake kuti anaphunzira ndi ndarama za nshawa zimene mlongo yemweyo analima ali mtsikana. Ngongole yotere siilembedwa m'buku, koma iri ngongole ndithu, ndipo amene aikana ayenera kucita manyazi. Akamana, adzamucha woumira, munthu amene tauni inamdya mtima.

Komabe pa msonkhano wa abalewo pasowa mbale mmodzi. Ndiye nkhalamba ya zaka 70, yosaona bwino, ya maondo olira, imene iri mwamuna yemweyo zaka 25 zikubwerazo. Nkhalambayo siinafike, cotero siingalankhule. Siingalembe kalata kapena kuimba foni usiku. Onse opempha ali ndi pakamwa, iyo yokha iribe, ndipo ncapafupi kugawana cakudya ca munthu amene palibe. Cilungamo cifuna kuti wina aiimire pa mlanduwo, ndipo palibe wina woiimira koma mwini wake.

Anthu a kumudzi adziwa kale nzeru imeneyi, kungoti saiyerekeza ndi ndarama. Pokolola, mai asankha cimanga cabwino koposa, nacipacika pamwamba pa moto kuti utsi ucisunge. Mwezi wa January ukafika, njala italuma, mwana alira akuyang'ana cimanga comweco, koma mai sacitsitsa. Palibe amene amucha wouma mtima, pakuti onse adziwa kuti imeneyo ndi mbeu. Malipiro a pamwezi ndiwo cimanga ca kudya, ndipo mwini mbumba ayenera kugawako ndi manja awiri. Penshoni ndi mbeu. Mwamuna amene aigawa yonse lero sapulumutsa mbumba yake. Angocedwetsa tsiku limene iye mwini adzatsika basi ndi sutukesi imodzi, kudzakhala pakamwa pena pa nkhokwe ya mlongo wake yemweyo.

Pali ena amene amva mau otere nakondwa, cifukwa apeza pobisalira. Zaka makumi atatu sanatumize ngakhale thumba la mcere, sanafike pa maliro ngakhale amodzi, ndipo ati anali kusungira ukalamba. Otere adzaona okha kuti ndarama sizitunga madzi, sizisonkha moto, ndipo sizinyamula wodwala kumka naye kucipatala. Pa mbali imeneyi mwambi wa makolo sunakalambe konse.

Mbeu itsitsidwa pofuna kubzala. Kumanga nyumba yokapumiramo ndiko kubzala. Kugula munda kapena ng'ombe zolimira ndiko kubzalanso. Kugula minibasi munthu amene sanayendetsepo malonda ciyambire ndiko kumwaza mbeu pathanthwe, ngakhale mabwenzi amtame cotani.

Cotsala ndi tsiku lija lovuta limene nzeru zonse zicepa, pamene amai ali gone m'cipatala ndipo mankhwala afuna ndarama lero lomwe. Palibe angaweruze mwana amene atsitsa mbeu pa tsiku lotere. Iye angoyenera kutero ali maso, osati monga wotola ndarama panjira, pakuti lamulo la 2023 linalola kutapa kamodzi kokha, ndipo cimene watapaco cidzacepetsa zimene adzalandira mwezi ndi mwezi atapuma.