Kodi dzina la mwana ndi la ndani?

Mdzukulu wanga wamkazi atatuluka m'chikuta, azakhali ake anafuna kuti atchedwe Masiye, pokumbukira bambo ake omwe anatisiya iye ali m'mimba. Ine ndinakana. Makolo athu ankatcha ana Mavuto, Maliro kapena Tsoka polira zimene zinawagwera, ena pofuna kuti imfa inyansidwe naye mwanayo. Chisoni chawocho ndimachilemekeza, koma wosenza dzina mpaka kumanda ndi mwana, osati ife.

Baibulo limandilimbitsa mtima. Pa Genesis 35:18, Rakele akutsirizika anatcha mwana wake Benoni, dzina lachisoni, koma Yakobo anamutcha Benjamini.

Sindikhulupirira kuti dzina limalamula tsogolo la munthu, pakuti tsogolo lili m'manja mwa Mulungu. Komabe mwini dzina amalimva tsiku ndi tsiku: kusukulu, kuchigayo, ngakhale paukwati wake. Choncho mdzukulu wangayo tinamutcha Tadala Rute. Loyambalo ndi lothokoza Mulungu, lachiwirilo ndi laubatizo, pokumbukira mkazi wa ku Mowabu uja amene sanasiye apongozi ake, Naomi.

Makolo anzanga, lirani maliro anu, koma mwana mupatseni dzina loti azivomera mokondwa akamaitanidwa.