Ubwana ndi Chibwana

M'chinenero chathu muli mau awiri obadwa m'mimba imodzi, ndiwo ubwana ndi chibwana. Munthu akati "pa ubwana wanga", omumvera amamwetulira, ndipo yense ayamba kukumbukira kwao. Koma akati "chibwana chimenecho", wina aweramitsa mutu ndi manyazi. Mwana ndi yemweyo, zochita zache ndi zomwezo; chasinthika ndi chiyambi cha liu chokha. Tsono ife tifunsa: wofuna kulemba za kusalakwa kwa ana asankhe mau otani, kuti wowerenga asatseke buku?

Ambiri athamangira mau ozuna. Alemba kamwana, timanja, timaso, nadzaza tsamba lonse ndi angelo. Sitikana kuti mau ochepetsawa ali ndi chifundo. Mai wotulutsa khanda lache m'chikuta ayenera kulankhula chotero. Koma kumbukirani kuti ndi mau omwewa tinyoza munthu pomutcha kamunthu. Akachuluka m'nkhani, mwana achepa kufikira asanduka chidole, ndipo wowerenga amene analerapo ana azindikira msanga kuti alikunamizidwa. Mai wa kuno ku Bembeke amdziwa mwana wache. Amuona m'mawa wa mwezi wa June, nkhungu itaphimba mapiri, alikulimbirana malo pamoto ndi mng'ono wache, namkankha. Madzulo amuona yemweyo alikumnyemera mng'onoyo mbatata yootcha, osauzidwa ndi munthu. Wolemba akachotsa kukankhako, mbatata ija isowa kukoma.

Olemba aakulu sanaope zimenezi. Augustino Woyera, wobadwa ku Thagaste kumpoto kwa Afrika m'chaka cha 354, anasimba za khanda limene analiona lilikuchitira nsanje linzache pabere, lisanadziwe ndi kulankhula komwe. Anasimbanso za zipatso zimene anaba ndi anzache ali ndi zaka 16, osati chifukwa cha njala, pakuti zambiri anaponyera nkhumba. Kwathu kuno Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Nthondo, buku limene linatuluka mu 1933, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934. Nthondo wa m'bukumo akula ali mnyamata wosamva ndi wakuba. Komabe wowerenga samtaya, pakuti Ntara asimba zolakwazo ndi liu la munthu wamkulu wa pabwalo, losapsa mtima ndi losabisa kanthu.

Nanga kusalakwa kwa mwana kuli pati? Ife tiyesa kuti kuli m'kusadziwa kubisa. Mwana athyola mapichesi m'munda wa eni ache, nabwera kunyumba madzi ache alikuyenderera pachifuwa, nakana ndi pakamwa podzaza. Wolemba amene aika madziwo patsamba safunikanso kulemba kuti "wosalakwa", pakuti wowerenga waseka kale, ndipo m'kusekamo wamkonda mwanayo.

Nkhaniyi si ya olemba okha iai. Mabuku otere awerengedwa m'sukulu. Mwana womva za ana oyera okhaokha adziyesa yekha woipa woposa onse, ndipo kholo lokhulupirira kuti ana ndi angelo likwapula kolimba mwana weniweni amene lili naye m'nyumba.

Chotsala ndi kamvekedwe ka liu, ndipo apa agogo athu atiposa. Posimba nthano usiku, agogo aima pang'ono kuti ana ayankhe "tili tonse", ndipo yankho likazirala adziwa kuti ena agona, nasintha liu kapena kuyambitsa nyimbo. Wolemba alibe womyankha. Chifukwa chache ayenera kuwerenga mokweza zimene walemba, makamaka pamaso pa amai okalamba amene analera ana ndi adzukulu, nayang'ane pamene iwo agwedeza mutu ndi pamene ayamba kusonkheza moto.