Kuyankha Mlandu Umene Sunaumve

Kwathu kumudzi, mlandu ukafika pabwalo, nyakwawa siyamba ndi kufunsa woimbidwa mlandu ngati akuvomera kapena akukana. Imayamba yauza wodandaula kuti aimirire, anene chimene chamubweretsa, ndipo achinene mnzakeyo ali pomwepo, akumva ndi makutu ake. Ndili mwana ndinkayesa kumeneku nkutaya nthawi, pakuti mudzi wonse unkakhala ukudziwa kale kuti mbuzi ya uje yadya chimanga cha uje. Ndazindikira nditakula kuti akuluakulu aja ankasunga chinthu chimene maboma a anthu ophunzira amachitaya msanga akangomva mawu akuti chitetezo cha dziko.

Ndikambe za munthu mmodzi wa kutali ndi kuno. Ahmed Zaoui, wa ku Algeria, anapambana pa chisankho cha aphungu cha mu Disembala 1991, ataimira chipani cha Chisilamu chotchedwa FIS. Mu Januwale 1992 asilikali anathetsa chisankhocho, dziko nkulowa m'nkhondo yapachiweniweni. Zaoui anathawa, nayendayenda ku Belgium, Switzerland, Burkina Faso ndi Malaysia. Kwawo anamuweruza kuti aphedwe iye palibe. Makhoti a ku Belgium ndi France anamupezanso wolakwa pa milandu yogwirizana ndi magulu achiwembu. Mu Disembala 2002 anatsika ndege ku Auckland, m'dziko la New Zealand, napempha kuti amulandire ngati wothawa kwawo.

Tsono taonani zimene boma limodzi linachita ndi manja ake awiri. Bungwe lomva madandaulo a othawa kwawo linamumvetsera, linasanthula milandu ya ku Belgium ndi France ija nkuipeza yosadalirika, ndipo mu Ogasiti 2003 linagamula kuti munthuyu ngwothawadi kwawo, ayenera kutetezedwa. Koma bungwe la akazitape a boma, la SIS, linali litatulutsa kale chikalata mu Malichi chaka chomwecho chonena kuti iye ngwoopsa ku chitetezo cha dziko. Umboni wake unali wachinsinsi. Chotero Zaoui anakhalabe m'ndende zaka ziwiri, pafupifupi miyezi 10 yoyamba ali m'chitokosi chayekha ku Paremoremo, popanda mlandu uliwonse umene anapalamula m'dzikomo. Kuti angopatsidwa chidule cha zimene ankamunenera, maloya ake anachita kukachimenyera kukhoti.

Sindikufuna kunamizira kuti boma lilibe chonena. Lili nacho, ndipo ncholemera. Kazitape amene wabisala pakati pa anthu opanga mabomba akatchulidwa dzina pagulu, mawa lake timpeza m'ngalande. Maiko amapatsana nkhani zachinsinsi atapangana kuti zisaululidwe, ndipo dziko laling'ono likaswa pangano lotere anzake amalitsekera pakhomo. Ngakhale pangano la maiko la 1951 lokhudza othawa kwawo limavomera, m'ndime 33, kuti munthu amene pali zifukwa zomveka zomuonera kuti ngwoopsa sangabisale kumbuyo kwa lamulo loletsa kubweza wothawa. Mnzanga wina wa zamalamulo anandifunsa tsiku lina tili kumwa tiyi: kodi iwe utakhala nduna, nkubwera lipoti lakuti mlendo uyu adzapha anthu pamsika, ungadikire mpaka magazi akhetsedwe kuti usangalatse afilosofi? Sindinamuyankhe msanga, ndipo sindikuchita manyazi kutero.

Yankho limene ndinalipeza pambuyo pake ndi lakuti mnzangayo anamanga mtolo umodzi zinthu ziwiri zosiyana. Kubisa amene wanena ndi kwina, kubisa chimene chanenedwa ndi kwinanso. Choyambacho nthawi zina chimapulumutsa moyo. Chachiwiricho chimachotsa kuzenga mlandu konse, nkusiya chifaniziro chake chokha: woweruza alipo, mipando ilipo, mapepala alipo, koma munthu yekhayo amene angadziwe pamene pali bodza wamangidwa m'maso. Tiyerekeze kuti faelo ikuti pa tsiku lakuti munakumana ndi wachiwembu mu mzinda wakuti. Mwina tsikulo munali kuchipatala ndi mwana wodwala, mwina munthuyo ndi mlamu wanu ndipo munkakambirana za maliro. Woweruza, kaya akhale wolungama chotani, sangalote zimenezi. Amene angazinene ndi inu nokha, ndipo inuyo simunafunsidwe.

Aphunzitsi a malamulo adzandikumbutsa kuti njira ina inapezeka. Ku Britain, Karamjit Singh Chahal, Msikh wa ku India, anasungidwa m'ndende kuyambira 1990 mpaka 1996, nkhani yake itamvedwa ndi kagulu ka alangizi kumene sanaloledwe kupita ndi loya. Khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linatsutsa zimenezi mu 1996, ndipo linawonjeza kuti munthu sabwezedwa kumene akukazunzidwa ngakhale atakhala woopsa motani. Zitatero, Britain inakhazikitsa maloya apadera ololedwa kuona umboni wachinsinsi ndi kuutsutsa m'malo mwa mwini nkhani. Zaoui nayenso anapatsidwa otere. Ndikuvomera kuti nzabwino kuposa kusowa konse. Komatu loya wotereyu akangoona faelo saloledwanso kukambirana momasuka ndi munthu wake. Ali ngati nkhoswe imene yamva dandaulo lonse koma yaletsedwa kukafunsa mbale wake kuti kodi zinayenda bwanji. Ikaimirira pabwalo ingathe kunena kuti mboni iyi ikuoneka yokayikitsa, koma singathe kunena kuti mbale wanga tsiku limenelo anali kudimba.

Pali chifukwa china chimene chinsinsi chimapwetekera wothawa kwawo kuposa nzika. Nkhani zachinsinsi zokhudza munthu wa ku Algeria zingachokere kuti, ngati si kwa iwo amene amamudziwa? Ndipo omudziwa kwambiri ndi apolisi a boma lomwe analithawalo, pamodzi ndi maiko ogwirizana nalo. Boma lozunza silimutchula mdani wake kuti wotsutsa, limamutchula chigawenga. Mawuwo akayenda kuchoka mu ofesi iyi kupita mu ofesi iyo, amafika kwachitatu atavala jekete, akuoneka ngati atsimikizidwa ndi maiko atatu, chonsecho gwero lake ndi limodzi. Wothawayo amapezeka kuti fisi amene anamusiya kuseri kwa nyanja wamutsogolera, wakhala kale pampando wa mboni, ndipo sakuoneka. Kuwonjezera apo, wothawa amafika ndi mapepala abodza, pakuti boma lofuna kukupha silikupatsa pasipoti. Afika akuoneka kale ngati wonama, alibe mbale, alibe phungu, chiyankhulo chake nchachilendo.

Zimenezi zimandikumbutsa ula. Woombeza akaloza munthu kuti ndiye mfiti, munthuyo sangafunse mizimu mafunso. Angathe kungolumbira kuti sanachite, ndipo kulumbira kwakeko anthu amakutenga ngati kuuma mtima kwa mfiti. Lamulo la 1911 linaletsa kuloza mfiti m'dziko muno. Nzodabwitsa kuti maiko amene ankatiseka chifukwa cha ula ali ndi ula wao wa m'mafaelo.

Ife a Malawi sitiyenera kuikamba nkhaniyi ngati ya eni. Jack Mapanje, mmodzi mwa amene anayambitsa bwalo la alembi la pa Chancellor College, anatengedwa mu Sepitembala 1987 nasungidwa ku Mikuyu mpaka Meyi 1991 popanda kuimbidwa mlandu kapena kuuzidwa cholakwa chake. Dzaleka, kumene othawa kwao akhala akusungidwa kuyambira 1994, kale inali ndende ya andale. Tikudziwa fungo la mawu akuti chitetezo akatuluka m'kamwa mwa munthu amene sadzafunsidwa kanthu.

Pakatsala funso lovuta, ndipo sindilizemba. Nanga ngati kunena chimene chanenedwa kuulula yemwe wanena? Zimachitika: nkhani ina amaidziwa anthu awiri okha. Pamenepo ine ndikuti boma lisankhe. Liulule zokwanira kuti munthu adziyankhire, apo ayi lisiye kugwiritsa ntchito umboniwo pomutsekera, limuyang'anire mwa njira zina. Oweruza aakulu a ku Britain anafika pafupi ndi maganizo omwewa mu 2009, pa mlandu wa anthu amene ankaletsedwa kuyenda chifukwa cha umboni wobisika. Ndikudziwa kuti njira imeneyi ili ndi mtengo wake, ndipo tsiku lina wouperekayo angakhale munthu wosalakwa wokagula tomato pamsika. Mnzanga wa tiyi uja akadali ndi mfundo yake pamenepa, ndipo sitinagwirizanebe.

Za Zaoui zinatha motere. Khoti lalikulu la New Zealand linamupatsa belo mu Disembala 2004, nakakhala ndi ansembe a chipani cha Dominiko ku Auckland. Mu Julaye 2007 nkhani yake inayamba kumvedwa, ndipo pa 13 Sepitembala mkulu wa SIS, Warren Tucker, anachotsa chikalata chija. Sananene kuti analakwitsa. Anati chikalatacho chinali choyenera pa nthawi yake. Koma mwa zifukwa zimene anapereka, chimodzi chinali chakuti Zaoui anafotokoza zinthu zimene bungwelo silinkazidziwa. Panali patapita zaka 4 ndi miyezi 9 chifikire munthuyo pa bwalo la ndege la Auckland.