Mtunda wa Tsokonombwe

Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo sanalakwe. Komatu mtunda umene ankanenawo unali ndi pothera.

Taonani mtunda wina, wa masamu: dulani timasikweya titatu tofanana, mutilumikize kuti tipange chilembo cha L. Zidutswa ziwiri zotere zikakumbatirana zimadzaza rekitango popanda mpata. Ndi chilichonse chimene chimayenda chiwirichiwiri, ntchito njosavuta. Nanga zidutswazo zikakhala nambala yosagawika pawiri? Kwa L uja muyenera kufika pa 15, m'bwalo la masikweya 5 m'lifupi ndi 9 m'litali, ndipo mudzatuluka thukuta musanaziyale bwino. David Klarner, amene anafufuza nkhaniyi mu 1969, anapeza chidutswa china chimene chimatheka ndi 11. Mu 1992 Ian Stewart ndi Albert Wormstein anatsimikiza kuti ndi zitatu sizingatheke, pokhapokha chidutswacho chili kale rekitango. Pakatipa patsala 5, 7 ndi 9. Mpaka lero palibe wapeza chidutswa choyenera, palibenso watsimikiza kuti kulibe.

Ine ndimailemekeza kompyuta pa ntchito imeneyi, chifukwa siitopa. Mu 1987 Karl Dahlke, munthu wosaona wa ku America, anailembera malangizo oti iziyala chidutswa cha masikweya asanu ndi limodzi, ikakanika izibwerera m'mbuyo n'kuyesa pena. Inayala, inafumula, inayalanso, mpaka zidutswa 92 zinakhala mwaudongo m'bwalo la 23 ndi 24. Akatswiri openya anali atalephera kwa zaka zambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndithu.

Koma apa mpamene ndimawachenjeza achinyamata okonda makinawa. Kompyuta ikapeza, yapeza. Aliyense angathe kuyala zidutswazo patebulo n'kuona yekha. Ikasowa, yangotiuza kuti pamene yapondapo palibe. Zidutswa zilibe malire: mukatha za masikweya 20 zikudikira za 21, ndipo masikweya akamawonjezeka, chiwerengero cha zidutswa chimachulukana pafupifupi kanayi pa sitepe iliyonse. Tsokonombwe wathuyu angadumphe zaka chikwi, mtunda ukutalikirabe.

Stewart ndi mnzake sanayese zidutswa zonse za padziko. Anakhala pansi n'kulingalira za ngodya zinayi za rekitango: zidutswa zili zitatu, ndiye kuti chimodzi chiyenera kugwira ngodya ziwiri. Zidutswa zikakhala zisanu, chilichonse chingagwire ngodya yakeyake n'kutsalanso china, ndipo poyambira pamenepo pamasowa.