Za Mawu Akuti "Chaulere"

Pali mawu amene tiwamva kawirikawiri m'nyumba ya Mulungu, koma ambiri a ife kuno ku Thyolo sitiwakhulupirira msanga. Mawuwo ndi akuti "chaulere". Chinthu chaulere ndicho chimene munthu alandira osapereka ndalama, kapena nkhuku, kapena tsiku la ntchito. Sichilingana ndi chachabe ayi. Chachabe chilibe mtengo popeza palibe wochifuna, koma chaulere chilibe mtengo popeza mwini wake wakana kuchigulitsa.

Kukayika kwathuku kuli ndi gwero lake. Pamene makolo athu, ambiri a iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, anafika pa minda ya Azungu, anawalozera malo omangapo nyumba ndi olimapo chimanga, osawaitanitsa khobiri. Koma mtengo unalipo, unangobisala m'dzina lokoma la thangata. Kale kuthangata kunali kuthandiza mnansi pa munda wake. Tsono pa esiteti kunasanduka mwezi wa ntchito wolipirira malo, ndi mwezi wina wa msonkho, ndipo kawirikawiri ntchitoyo inagwa m'dzinja, munda wa munthu mwini uli kumera tchire. Wokana anali kuchotsedwa pamalopo. Mwambo umenewu unathetsedwa mu 1962, koma mantha ake akalipobe mwa ife.

Pakuti tikamva kuti Mulungu atikhululukira kwaulere, pomwepo tiyamba kufunafuna kapitawo wake ndi tikiti lake. Wina ayesa kuti chopereka chake cha pamwezi ndicho lendi ya Kumwamba. Wina, mayi wamasiye wothyola tiyi, aleka kudza ku mapemphero pochita manyazi kuti alibe kanthu m'manja. Ndipo ife akulu a mpingo, tivomereze, nthawi zina tamyang'ana monga munthu ayang'ana wangongole wake.

Werengani 2 Mafumu 5. Namani atachira khate anatulutsa mphatso zake, koma Elisa anazikana zonse. Gehazi, mnyamata wa mneneriyo, anamthamangira m'njira, nanama, natenga matalente awiri a siliva ndi zovala ziwiri. Anaika mtengo pa chimene Mulungu anachipereka chopanda mtengo, ndipo khate la Namani linamgwera iye.

Tsono mlungu uno akulu awiri apite kwa mayi wotereyu m'mudzi mwawo, akamuuze kuti mpando wake ulipo. Buku la zopereka alisiye kunyumba.