Ngongole Yathu kwa Okalamba

Ambiri timakhulupirira kuti kusamalira okalamba ndi udindo wa ana awo, ndipo sitilakwitsa. Koma nanga agogo amene ana awo onse anatsogola, amene lero akulera zidzukulu, adzadalira yani akadwala?

M'zipatala za boma chithandizo n'chaulere, komabe mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi akatha, wodwala amauzidwa kuti akagule yekha. Matenda amenewa amafuna mankhwala mwezi ndi mwezi, moyo wonse, ndipo ulendo wa kuchipatala nawo umafuna ndalama. Agogo osauka amasankha pakati pa ufa ndi mankhwala, ndipo kawirikawiri amasankha ufa, poti ana ali ndi njala.

Chifundo chathu chimafikira amene tikuwadziwa, pamene lamulo limafikira ngakhale amene alibe wowakumbukira. Choncho lamulo loteteza okalamba, limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2024, tiliyese ndi funso limodzi: kodi agogo aja mankhwala akuwapeza? Anthu amenewa analima, nalera mtundu uno. Kuwalipirira mankhwala ndi kubweza ngongole, ndipo ngongole siyembekezera kuti wobwezayo ayambe wamva chisoni.